Za Madotolo Amene Asoka Msana wa Mwana Asanabadwe

Akhristu anzathu a m'midzi, mwezi uno tadza ndi nkhani imene makolo athu akadaimva akadati ndi nthano ya pamoto. Ku maiko akutali kuli madotolo amene agonetsa mayi wapakati, natsegula chiberekero chake, nasoka chilema cha mwana ali momwemo, natsekanso. Ndipo mayiyo auka, nasenza pakati pake miyezi ina iwiri kapena itatu kufikira tsiku lakubala. Si nthano ayi. Ntchitoyi yachitika pa ana mazanamazana, ndipo oyamba a iwo lero ndi anthu aakulu.

Tidziwa kuti za pakati sizikambidwa pabwalo, ndi kuti mwamuna salowa m'nkhani za anamkungwi. Chifukwa chake tipempha amayi athu atilole pang'ono pokha, pakuti m'nkhani imeneyi muli moyo wa ana, ndipo mbali yake ina ikhudza ndiwo zimene tiphika ndi mwezi umene tiyamba sikelo. Atate nawonso asanene kuti izi n'za akazi. Aiwerenge mokweza madzulo ana atagona, kuti ndi agogo omwe amve.

Kuyambira kale lomwe dotolo analibe njira yofikira mwana wosabadwa. Ankangomvetsera mtima wake kunja kwa mimba, nayembekeza. Woyamba kupyola mpanda umenewu anali William Liley, dotolo wa ku Auckland m'dziko la New Zealand, m'chaka cha 1963. Alipo matenda ena amene adza pamene magazi a mayi ndi a mwana sali a mtundu umodzi: thupi la mayi liyesa magazi a mwana mdani, niliwaononga, ndipo mwanayo atupa, nafa asanaone dzuwa. Liley analasa singano yaitali kupyola mimba ya mayi kufikira m'mimba mwa mwana, nathiramo magazi atsopano, amene thupi la mwanayo linawamwa pang'onopang'ono. Masiku amenewo makina a sikani anali asanafale, tsono iye ankalondola singano yake ndi zithunzi za X-ray zokha. Ana oyamba amene anawayesa sanakhale moyo. Koma chaka chomwecho mwana wina wamwamuna anapulumuka, nabadwa, nakula. Kuyambira pamenepo Liley sanaleke kuuza anzake kuti wosabadwayo ndi wodwala monga odwala ena, woyenera kupimidwa ndi kuchiritsidwa. Munthuyu sanali Mkatolika, komabe Papa anamsankha akhale mmodzi wa akatswiri a bungwe la nzeru la ku Vatican.

Kulasa singano n'kwina, kutsegula chiberekero ndi mpeni n'kwinanso. Chiberekero cha mayi wapakati chidzala ndi mitsempha ya magazi. Ndipo chikangokhudzidwa chiyesa kuti nthawi yakwana, nichiyamba kukankha mwana. Michael Harrison ndi anzake ku San Francisco, m'dziko la America, anatha zaka akuphunzira pa nkhosa ndi pa anyani a bere mmene angatsekere magazi ndi kutontholetsa chiberekero. M'chaka cha 1981 anafika pa anthu. Anayamba ndi ana amene njira yao ya mikodzo yatsekeka, kotero kuti mikodzo ibwerera niononga impso. Kwa mwana wina analowetsa kachubu m'chikhodzodzo mwa njira ya singano, ndipo mwanayo anakhala moyo. Kwa wina anatsegula chiberekero chenicheni. Ntchito inatheka, mayi anachira, koma mwana anamwalira atangobadwa, pakuti impso ndi mapapu ake zinali zitaonongeka kale. Pamenepo anazindikira kuti luso la manja silikwanira lokha: pafunika kudziwa mwana amene mpeni ungamthandize, ndi nthawi yake.

Pa zilema zonse zimene madotolo awa alimbana nazo, chimene tifuna kukhalitsapo ndi cha msana, chifukwa chimenechi tichiona ndi m'midzi mwathu momwe. Dzina lake ndi spina bifida, mawu a Chilatini otanthauza msana wogawika pawiri. M'mwezi woyamba wa pakati, mwana asanafike ndi pa msinkhu wa nyemba, pambuyo pake pakhala kanthu kosalala konga tsamba. Katsambako kapindika m'mbali zonse ziwiri, nikalumikizana, nikasanduka ngati bango. Kumtunda kwa bangolo kumera ubongo, ndipo kotsalako ndiko chingwe cha mitsempha chimene chitsika m'kati mwa mafupa a msana, chotenga mawu a ubongo kunka nawo ku miyendo, ku chikhodzodzo ndi ku matumbo. Kulumikizanaku kutha pofika tsiku la 28 chikhalire pakati. Taonani kufulumira kwake! Amayi ambiri pa tsiku limenelo akali kukayika ngati aimadi, ndipo ndi apongozi omwe sanauzidwe.

Tsono nthawi zina bangolo silitsekeka kumunsi kwake. Mafupa ndi khungu zilephera kuphimba malowo, ndipo mwana abadwa ndi chotupa cha madzi kapena bala lofiira m'munsi mwa msana, mitsempha ili pamtunda. Miyendo yake ikhala yofooka kapena yosamva konse, mapazi apindika, ndipo akakula satha kusunga mikodzo ndi chimbudzi. Koma choopsa china chili kumutu. Popeza madzi a m'msana atayikira pabalapo, ubongo wa kunkhongo utsetserekera pansi, nutseka njira ya madzi a m'mutu. Madziwo adzala, mutu nukula koposa muyeso. Ana otere ambiri aikidwa kachubu kochokera m'mutu, kodzera pansi pa khungu kufikira m'mimba, kuti madzi atsikire kumeneko. Kachubuko kapulumutsa moyo, inde. Koma katsekeka, kalowa matenda, ndipo mwana abwerera nako ku mpeni kawirikawiri moyo wake wonse.

Makina a sikani atafala, madotolo anaona chinthu chodabwitsa: ana ena a chilema ichi agwedeza miyendo bwino pa miyezi inayi kapena isanu, koma pobadwa miyendo yomweyo ili zii. Anaganiza kuti chilemacho chipweteka mwana kawiri: poyamba pa kusatsekeka kuja, kachiwiri pa miyezi yonse yotsatira, pamene mitsempha yosaphimbidwa ikhala m'madzi a m'chiberekero, nikhulika pa makoma ake usana ndi usiku. Choyambacho palibe angachibweze; madzi akatayika saoleka. Nanga chachiwiricho? M'chaka cha 1995 Martin Meuli ndi anzake ku San Francisco anaonetsa kuti ana a nkhosa amene anatsegulidwa msana ali m'mimba nasiyidwa anabadwa opuwala, koma amene anasokedwanso asanabadwe anaimirira nayenda. M'zaka za 1997 ndi 1998 madotolo a ku Nashville ndi a ku Philadelphia anayamba kutsegula chiberekero cha amayi kuti achite chomwecho pa ana a anthu.

Kapena ena a inu munaona chithunzi china chimene chinajambulidwa ku Nashville m'chaka cha 1999, cha kadzanja ka mwana wa masabata 21 katatulukira pa bala la chiberekero, kali pa chala cha dotolo. Chithunzichi chayenda dziko lonse, ndipo ambiri afotokoza kuti mwanayo anatambasula dzanja yekha nagwira dotolo. Koma dotolo mwini wake, Joseph Bruner, ananena kuti mwanayo anali m'tulo ta mankhwala, ndi kuti iye ndiye ananyamula kadzanjako. Ife tiyesa kuti choona sichisowa kuchikometsera. Kadzanja ka zala zisanu ndi zikhadabo zake, pa theka la ulendo wa pakati, kalalika mokwanira ngakhale mwini wake ali m'tulo.

Machitidwe a opaleshoniyi ndi otere. Ichitika pakati patapyola masabata 19 koma pasanakwane masabata 26, pamene mwana alemera ngati theka la paketi ya shuga. Mayi agonetsedwa tulo tatikulu, timene tifika kwa mwana ndi kufewetsanso chiberekero. Dotolo ayamba wafunafuna ndi sikani pamene pali nsengwa, kuti mpeni usadzere pamenepo. Atsegula chiberekero utali wonga wa chala chimodzi, ndi chitsulo chimene chidula chikupana mitsempha nthawi yomweyo. Mwana samtulutsa ayi. Amtembenuza ndi manja kufikira msana wokha uonekera pa khomolo, nambaya jakisoni woletsa ululu ndi kugwedezeka. Wina athira madzi ofunda osalekeza m'malo mwa amene atayika, wina ayang'anira kugunda kwa kamtima. Ndipo dotolo wa mitsempha, atavala magalasi okuza zinthu, amasula chingwe chija, nachigoneka m'ngalande yake, nachiphimba ndi mnofu ndi khungu, nasoka ndi ulusi wopyapyala kwambiri. Atatha atseka chiberekero kuti chisadonthe, natseka mimba. M'chipindamo mukhala anthu oposa khumi, ndipo odwala ndi awiri.

Ntchito yatsopano ikaoneka yokoma, anthu afulumira kuitama isanayesedwe. Madotolo a ku America anachita mwanzeru pamenepa: zipatala zina zonse zinavomera kuyamba zaleka, kuti zitatu zokha, za ku Philadelphia, Nashville ndi San Francisco, ziyese mwachilungamo. Kuyambira 2003 kufikira 2010 amayi 183 anavomera kugawidwa mwa maere: ena mwana wao asokedwe asanabadwe, ena atabadwa monga mwa kale. Zotsatira zinalengezedwa m'chaka cha 2011. Mwa ana 100 alionse osokedwa atabadwa, 82 anafunika kachubu ka m'mutu. Mwa osokedwa asanabadwe, 40 okha. Pa msinkhu wa zaka ziwiri ndi theka, oyenda okha popanda chogwirira anali 21 mwa 100 kwa oyambawo, ndi 42 mwa 100 kwa achiwiriwo. Kusiyanaku kunaoneka poyera kotero kuti oyang'anira anaimitsa mayesowo nthawi isanakwane.

Amenewa ndi mawerengero okondweretsa. Koma tiwawerenge ndi maso onse awiri. Ngati 42 anayenda okha, ndiye kuti 58 sanayende okha. Opaleshoniyi ichepetsa chilema, siichotsa. Ndipo mtengo wake aulipira ndani? Mayi, amene sanadwale kanthu. Pafupifupi theka la amayi ong'ambidwa, nsupa yao inasweka nthawi isanakwane. Ana ao anabadwa pa masabata ngati 34, pamene anzao anafika 37. Ndipo 13 mwa 100 anabadwa asanakwane masabata 30, ndiwo msinkhu umene mwana alimbana ndi imfa chifukwa cha mapapu osakhwima. Mayi mmodzi mwa atatu alionse anapezeka pobala kuti chipsera cha chiberekero chapyapyala kapena chayamba kumasuka. Chifukwa chake mayi wotere saloledwa kumva zowawa za kubala: mwana ameneyo, ndi ana onse amene Mulungu adzampatsa pambuyo pake, ayenera kutuluka ndi mpeni, tsiku lisanafike. Taganizani mayi wa kwathu kuno, amene atunga madzi ndi kusenza nkhuni kufikira mwezi wotsiriza, ndipo chipatala chili ulendo wa tsiku ndi njinga, mlatho utakokoloka. Chipsera chotere chikang'ambika usiku, afa awiri. Madotolo ena, monga a ku Houston ndi a ku São Paulo, tsopano asoka msanawo podzera pa timabowo tating'ono ndi kagalasi kounikira m'kati, kuti chiberekero chisang'ambidwe kwambiri, ndipo amayi ena otere abala mwa njira ya chibadwa.

Za zilema zina tingotchula mwachidule. Mapasa ogawana nsengwa imodzi nthawi zina alumikizana mitsempha, kotero kuti wina atsanulira magazi ake mwa mnzake, wina nafota, wina natupa. Madotolo alowetsa kagalasi, natseka mitsempha yolumikizayo ndi kuwala kotentha kwa leza. Mayeso a ku Ulaya a chaka cha 2004 anaonetsa kuti mwa njirayi mwana mmodzi kapena onse awiri anapulumuka pa amayi 76 mwa 100, pamene mwa njira yakale yongochotsa madzi anali 56. Aliponso ana amene khoma la mnofu lolekanitsa chifuwa ndi mimba laboka, matumbo nakwera kukapanikiza mapapu. Jan Deprest wa ku Leuven m'dziko la Belgium ndi anzake aika kabaluni m'kholingo mwa mwana kuti mapapu afutukuke ndi madzi ao omwe, nakachotsa asanabadwe. M'chaka cha 2021 analengeza kuti mwa ana odwala koposa anapulumuka 40 mwa 100, pamene opanda kabaluni anali 15.

Nanga Eklezia anena chiyani? Alipo Akhristu ena amene ayesa kuti kugwira mwana asanabadwe ndiko kulowerera ntchito ya Mulungu. Sitero ayi. M'chaka cha 1987 ku Roma kunatuluka kalata ya chiphunzitso yotchedwa Donum Vitae, ndiko kuti Mphatso ya Moyo, yosainidwa ndi Kardinali Joseph Ratzinger, amene pambuyo pake anakhala Papa Benedikto wa 16. Kalatayo iphunzitsa kuti wosabadwa ayenera kusamalidwa ndi kuchiritsidwa monga munthu wina aliyense, malinga ntchitoyo ilinga pa kumchiritsa iye mwini, choopsa chake chisapose ubwino woyembekezeka, ndipo makolo avomere atauzidwa zonse. Ndi kupima kwa sikani komwe n'kololedwa. Chimene Eklezia akana ndicho kupima ndi mtima wakuti mwana akapezeka ndi chilema achotsedwe. Ndipo apa pali chisoni chachikulu: m'maiko ambiri a ku Ulaya ana ochuluka opezeka ndi spina bifida pa sikani safika pobadwa, pakuti pakati pachotsedwa. M'chipatala chimodzi, chipinda china asoka msana wa mwana wa masabata 23, chipinda china athetsa moyo wa mnzake wa msinkhu womwewo ndi chilema chomwecho. Ife amene tikumbukira pa Rosari kuti Yohane Mbatizi anatakataka m'mimba mwa Elizabeti pakumva moni wa Maria Virigo Woyera, sitikayika kuti onse awiriwo ndi anthu.

Koma timvetse bwino mbali inanso, makamaka ife amuna. Eklezia alola opaleshoniyi, koma sailamula. Papa Pio wa 12, polankhula kwa madotolo m'chaka cha 1957, anaphunzitsa kuti munthu akakamizidwa kusamala moyo mwa njira za masiku onse, zosamsenzetsa katundu woposa mphamvu zake. Njira zolemera koposa akhoza kuzilandira, akhozanso kuzikana wosachimwa. Mayi amene ayang'ana ana ake ena, ndi pakati pena pam'tsogolo, nanena kuti mwana wanga asokedwe atabadwa, sanachepetse chikondi. Tilemekeza Gianna Beretta Molla Woyera, dotolo wa ku Italy, amene m'chaka cha 1961 anapezeka ndi chotupa m'chiberekero ali ndi pakati, nasankha kuti achotse chotupa chokha mwana atsale. Anabala mwana wamkazi mu April 1962, namwalira patapita sabata imodzi. Eklezia anamlemba m'gulu la oyera m'chaka cha 2004. Koma kudzipereka kotere kuchokera mwa mwini thupi. Mwamuna, malume kapena apongozi alibe mphamvu yakupereka thupi la mkazi ku mpeni, ngakhale chifukwa cha mwana.

Tsono wina adzati: zonsezi n'za ku America ndi ku Ulaya, ife zitipindulira chiyani? Zoona, opaleshoni yotere ichitika m'zipatala zazikulu zowerengeka, ndipo sitiyembekeza kuiona pa chipatala cha mishoni chaka chamawa. Koma pali chinthu china chimene chiposa mpeni wa madotolo onse aja, ndipo chipezeka pa sikelo ya kwathu. Kumbukirani masiku 28 aja. Kuti bango la msana litsekeke bwino, thupi la mayi lifuna vitamini wina wotchedwa folic acid. Dzinali lichokera ku mawu a Chilatini akuti folium, ndilo tsamba, pakuti anampeza m'masamba a ndiwo. M'chaka cha 1991 madotolo a ku Britain, motsogozedwa ndi Nicholas Wald, analengeza mayeso a amayi oposa 1,800 amene anakhalapo kale ndi pakati pa mwana wa chilema chotere: mwa amene anamwa vitaminiyu asanaime, chilemacho chinachepa ndi magawo 72 mwa 100. Mpeni uchepetsa kupunduka kwa mwana mmodzi; kapiritsi aka kaletsa chilema chisaoneke n'komwe mwa ana ambiri. Chifukwa chake dziko la America linalamula kuti kuyambira 1998 vitaminiyu athiridwe mu ufa wogulitsa, ndipo South Africa inachita chimodzimodzi mu ufa wa chimanga ndi wa buledi m'chaka cha 2003. Kumeneko ana obadwa ndi zilema za mtunduwu anachepa pafupifupi ndi gawo limodzi mwa atatu.

Koma ife a m'midzi sitidya ufa wa m'sitolo. Titapa chimanga m'nkhokwe mwathu, tipita nacho ku chigayo, ndipo palibe athiramo kanthu. Vitaminiyu tingampeze mu nyemba, khobwe, nandolo, mtedza, chiwindi, mapeyala ndi malalanje, ndi m'masamba obiriwira monga bonongwe, chisoso, mpiru ndi nkhwani; koma moto wautali umuononga, ndipo ndiwo zophikidwa mpaka kufiirira zatsala ndi pang'ono pokha. Ndiwozo tidye ndithu. Komabe madotolo anena kuti chakudya chokha sichifika kawirikawiri pa muyeso wofunika, ndiwo mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse, kuyambira mwezi umodzi kapena kuposa mayi asanaime kufikira miyezi itatu ya pakati. Mapiritsi a magazi amene apatsidwa ku sikelo ali naye vitaminiyu. Vuto lili pa nthawi. Mwambo wathu ndi kubisa pakati kufikira paonekera, poopa maso a anthu, ndipo amayi ambiri ayamba sikelo pa miyezi inayi kapena isanu. Pamenepo mapiritsiwo athandizabe magazi a mayi, ndipo awamwe. Koma za msana wa mwana zinatha kale miyezi itatu yapitayo. M'mera m'poyamba.

Chotero ife amene tilemba maina a ofuna ukwati tiona kuti nthawi yabwino yonena izi ndi pa maphunziro a ukwati pomwe, ndi kwa mayi aliyense amene mwana wake wasiya bere. Apite kwa anamwino akapemphe mapiritsiwo asanaime. Sayenera kuulula kanthu kwa wina aliyense m'mudzi. Mayi amene anabalapo kale mwana wa chilema cha msana kapena cha mutu afunika muyeso waukulu kuposa uwu, ndipo dotolo ndiye amlembere. Chimodzimodzi wodwala shuga, ndi womwa mankhwala a khunyu, pakuti ena a mankhwalawo aonjeza choopsa. Koma asawaleke yekha, ayambe wafunsa.

Ngakhale zonsezi zitachitika, ana ena adzabadwabe ndi bala pamsana, ndipo pamenepo mudzi uyamba kunong'ona. Wina ati mayi anayenda ndi mwamuna wina. Wina ati atate anakhwimira chuma. Wina aloza nkhalamba ya kuseri kwa dambo. Tamva za amayi amene anathamangitsidwa pa ukwati chifukwa cha ichi. Akhristu, kumbukirani kuti pamene ophunzira anafunsa Ambuye Yesu za munthu wobadwa wakhungu uja, ngati anachimwa ndi iye kapena makolo ake, Ambuye anakana zonse ziwiri. Chilema ichi chidza kwa Azungu, kwa Amwenye ndi kwa ife, kwa opemphera ndi osapemphera, ndipo chinayamba tsiku limene mayi anali asanadziwe kuti ali ndi mwana. Ana otere ambiri ali ndi nzeru zonse, aphunzira sukulu, ndipo ena akwatira.

Mwana wotere akabadwa, masiku awiri kapena atatu oyamba ndiwo ofunika koposa, pakuti bala lija ndi khomo lolowera ku ubongo, ndipo matenda oumitsa khosi akalowa pamenepo apha msanga. Musaboole chotupacho, musatemepo mphini, musapakepo mankhwala a zitsamba kapena phulusa. Mgonekeni chafufumimba kapena cham'mbali, muphimbe pabalapo ndi kansalu koyera konyowetsedwa ndi madzi owiritsa atazizira, ndipo chimbudzi chisafikepo. Ayamwe, afundidwe, ndipo munyamuke naye tsiku lomwelo. Musayembekeze kuti mchombo ugwe kapena kuti atuluke m'chikuta. Chipatala cha pafupi chidzakutumizani ku chachikulu. Ku Blantyre chipatala cha Queen Elizabeth chisoka misana yotere ndi kuthandiza ana a madzi m'mutu, ndipo a ku Zambia apita nawo ku Lusaka. Mukaona kuti mwana wafooka ndipo Abambo ali kutali, aliyense wa inu akhoza kumbatiza: amthire madzi pamutu akutchula mawu amene munaphunzira m'Katekisimu, ndipo pambuyo pake muuze mphunzitsi kuti dzina lilembedwe m'buku la parishi. Koma ubatizowo uchitike panjira kapena pakhomo msangamsanga; usakhale chifukwa chakuchedwera ulendo, kapena chakunena kuti tsopano tangoyembekeza imfa.

Msana ukasokedwa, ntchito ikalipo. Ana ambiri otere amene amwalira atakulako afa ndi impso, chifukwa mikodzo itsalira m'chikhodzodzo. Anamwino aphunzitsa mayi kuitulutsa ndi kachubu koyera kangapo pa tsiku, ndipo mwana akakula achita yekha. Mapazi osamva ayang'anidwe madzulo alionse, pakuti mwana akhoza kupsa pamoto kapena kulasidwa ndi minga wosalira. Ndipo mutu uyesedwe. Za madzi a m'mutu, Benjamin Warf, dotolo amene anagwira ntchito ku Mbale m'dziko la Uganda kuyambira chaka cha 2000, anakonza njira yoboola kanjira katsopano m'kati mwa ubongo kuti ana ambiri asasowe kachubu kaja. Koma njira iliyonse ithandiza bwino mwana akafika msanga. Zizindikiro zake ndi liwombo lotukuka ndi lolimba, kusanza, kugona kopitirira, ndi maso oyang'ana pansi monga dzuwa likulowa. Amene alibe tepi atenge kachingwe kosatamuka, akazunguze pamphumi ndi pankhongo pa mwana Lamulungu lililonse pochokera ku Misa, namange mfundo pamene kakumana. Ndipo pa tsiku la sikelo apite nako kachingweko, anamwino akaone kutalikirana kwa mfundozo.